Mthunzi wa Asewele

Kanthu kake kanali kakang'ono ngati njere ya nandolo, kotuwa, kozizira. Sungeni Kalilombe, katswiri wa makina a m'makutu pa sitolo ina ku Limbe, anakagwira ndi kapani kotsinira tinthu tating'ono n'kukamata kuseri kwa khutu la Mayi Velina Makwinja, pafupa penipeni. Kanaluma pang'ono ngati nyerere, kenako kanayamba kufunda.

"Musagwirepo, mayi, kakuzolowera fupa lanu," anatero Sungeni. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyankhula m'Chingerezi mofatsa: "Take your time."

Pomwepo Mayi Velina anamva mawu ena m'kati mwa mutu, mawu a Chichewa chosalala, osachokera kumanja kapena kumanzere. "Akuti musafulumire. Amanena chonchi munthu amene sakufuna kuti muchite manyazi ndi kuchedwa kwanu. Mukhoza kungothokoza."

"Kakuyankhula bwino kuposa aphunzitsi anga a ku sekondale," anatero Mayi Velina.

Makina amenewa anthu ankawatcha kanong'onezi. M'zaka zimenezo makabaza a mu Blantyre anali atayamba kuyenda okha popanda wopalasa, ndipo mankhwala ankafika pakhomo pa munthu ndi tindege ting'onoting'ono. Makina omasulira analipo kuyambira kale, koma ankamasulira liwu ndi liwu ngati mwana wa pulayimale, n'kukusiya uli m'tchire. Kanong'onezi kanali kosiyana. Kankakuuza chimene munthu akutanthauza, nthawi imene anthu amanena zotere, ndi mmene ungamuyankhire osadzichititsa manyazi.

Koma musaganize kuti Mayi Velina anali mbuli. Ayi ndithu. Ku Bangwe anali ndi shopu ya zovala yokhala ndi maloboti osoka, ndipo akazi a mabwana ankachita kupempha malo pamzere kuti awayeze. Sukulu anafika nayo Fomu 2, ndipo Chingerezi cha m'mabuku ankachiwerenga bwinobwino. Chimene chinkawapita pansi ndi Chingerezi cha pakamwa, timawu tija anthu amaponyerana akuseka, timene sitipezeka m'buku lililonse. Ndipo timawu totere n'timene tinawagwetsa pamaso pa anthu.

Zinachitika pa chinkhoswe cha mwana wawo Lonjezo. Mnyamatayo anapeza mbeta, Thokozire, mtsikana waulemu wake. Mayi ake a Thokozire, Mayi Dorika Kandulu, anali atagwira ntchito ya unamwino ku Manchester zaka zambiri, n'kubwerera kudzamanga nyumba ku Namiwawa kumene maloboti ankagawa zakumwa atavala magolovesi oyera. Mayi Velina anapita kumeneko ndi mphatso ya asewele awo: diresi la chitenje ndi duku lake, limene anasoka ndi manja awoawo, osalola loboti kukhudzako ngakhale ulusi umodzi. Ankhoswe atasinthana tambala ndi msoti, Mayi Velina anadzuka, n'kugwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kupereka mphatsoyo ndi manja awiri.

Mayi Kandulu anatambasula diresilo, analiyang'ana, kenako anatembenukira kwa anzawo amene anakhala nawo pafupi. "Bless her, she means well," anatero akumwetulira.

Mayi Velina anagwirapo liwu loyambalo, liwu la kutchalitchi. Anaganiza kuti asewele akuwadalitsa. Anaweramitsa mutu ali chigwadire, n'kuyankha mokweza kuti, "Ameni."

Kuseka kunayambira pa tebulo limenelo n'kufalikira bwalo lonse. Munthu mmodzi yekha sanaseke: Esinta, mkulu wawo wa Mayi Velina, mayi woumba miphika wa ku Chilomoni, amene anawalera makolo awo atamwalira. Esinta sankadziwa Chingerezi ngakhale cha moni, koma kuseka kwachipongwe ankakudziwa. Anabwera, anamudzutsa mng'ono wakeyo, n'kumupukuta mawondo ndi nsonga ya chitenje chake.

Ndiye tsiku limene anagula kanong'onezi, Mayi Velina sanapite ku shopu. Anaitana Esinta, anayatsa kanema wa chinkhoswe pakhoma la pabalaza, n'kumuthamangitsa mpaka pa malo aja. Mawu a Mayi Kandulu anamvekanso, ndipo kanong'onezi kanayamba ntchito yake.

"Umenewu si mdalitso. Amanena chonchi munthu amene akumvera chisoni mnzake amene wayesetsa koma walephera. Sauza mwiniwakeyo. Amauza anthu ena mwiniwakeyo ali pomwepo, ngati mmene akuluakulu amanenera za mwana."

Mayi Velina anazimitsa kanemayo. Anayamba kusisita mpendero wa diresi lawo ndi chala.

"Kakuti chiyani?" anafunsa Esinta.

"Kakuti ndine mwana, achemwali. Ine. Mwana wogwada, woyankha Ameni."

"Zisiye, Velina. Ana akukondana, ukwati wayandikira. Ngati zakuwawa, tuma ankhoswe akanene. Ntchito yawo ndi imeneyo."

"Akanene chiyani? Kuti anandidalitsa? Adzaseka kachiwiri." Anaimirira n'kuyang'ana khoma lopanda kanthulo. "Anandinyoza m'Chingerezi. Ndidzawabwezera m'Chingerezi chawo chomwecho, anthu omwe aja akumva."

M'mawa mwake anabwerera kwa Sungeni. Anamuuza kuti kumva kokha sikukwanira, akufuna kuyankhula, ndipo akufuna kuyankhula ngati munthu wina amene akumudziwa.

"Kalipo kena, timakatcha kamthunzi," anatero Sungeni, akutsegula kabokosi kakuda. "Aka muli nakoka kamakuuzani mmene anthu ambiri amayankhulira. Kamthunzi kamatenga munthu mmodzi. Mumakapatsa mawu ake ojambulidwa, iko n'kuphunzira timawu take tonse, nthawi imene amatinena, ndi chimene chimakhala mumtima mwake akamatinena. Kenako kamaphunzitsa lilime lanu, osati khutu lokha. Kamatumiza timphamvu tochepa m'minyewa ya nsagwada mpaka mawuwo azituluka okha."

"Ndi kamene ndikufuna."

"Anthu ambiri amasankha munthu amene amamukonda, mayi. Mphunzitsi wawo wakale, kapena mwana wawo wa kunja. Kamthunzi sikasefa. Kamatenga mawu pamodzi ndi chizolowezi cha mwini wake. Munthu amene mukufunayo mumamukonda?"

"Ndi asewele anga," anayankha Mayi Velina.

Sungeni anawayang'ana, akudikira kuti awonjezere. Mayi Velina anangomulozera kuseri kwa khutu lawo.

"Mwana iwe, ine ndinaphunzitsa maloboti kusoka khosi la diresi osakwinya. Ndingalephere kulamulira njere ya nandolo? Mata."

Mawu a Mayi Kandulu sanali osowa. Pa gulu la pafoni lokonzekera ukwati ankatumiza mauthenga aatali a pakamwa tsiku lililonse, za maluwa, za keke, za mtundu wa nsalu za pamatebulo. Mayi Velina anadyetsa kamthunzi zonsezo, kuwonjezera kanema wa chinkhoswe. Kanong'onezi kakale kaja sanakataye. Anakasunga m'kabokosi, poti anali nako cholinga.

Anaphunzira ngati mmene amachitira chilichonse, ndi mtima wonse. Ankayenda pakati pa maloboti ake osoka, nsagwada zikunjenjemera pang'ono, mawu akunong'ona m'fupa. Anaphunzira kuti asewele akanena "We must do lunch", chakudya sichikhalapo, amanena kwa munthu amene sakufuna kudzamuonanso. Anaphunzira kuti "Never mind" ya asewele ndi chitseko, amatsekera nayo nkhani imene yawapweteka. Anaphunzira kuti akanena "It's fine" mawu atatsika, ndiye kuti misozi ili pafupi.

Tsiku lina kamthunzi kanawauza za timawu tina. "Akakhala ku Blantyre, 'back home' yawo ndi Manchester. M'mauthenga amene anajambula ali ku Manchester, 'back home' yawo ndi Blantyre. Akamanena, mawu awo amagwedezeka."

Mayi Velina anaimitsa loboti limene linkasoka. "Ndiye kuti alibe kwawo," anatero pang'onopang'ono. Anamwetulira, n'kusunga nkhaniyo ngati mmene amasungira sizasi yakuthwa, pamalo poti sangaiwale.

Ntchito ya kamthunzi inayamba kuonekera ukwati usanafike. Mtsikana wina anabwera ku shopu ndi chitenje chotchipa kuti amusokere siketi, ndipo Mayi Velina asanaganize chilichonse pakamwa pawo panatuluka, "Oh, how sweet." Mawu ake, kakwezedwe kake, ngakhale kapendekedwe ka mutu, zonse zinali za ku Namiwawa. Mtsikanayo anayang'ana pansi. Mayi Velina anakondwa. Mpeni unali utanoleka.

M'mawa wa tsiku la ukwati anaitana Esinta kuchipinda, n'kutulutsa kabokosi kaja.

"Bwerani ndikumateni aka, achemwali."

"Ine za m'makutu ayi. Makutu anga amandikwanira."

"Lero lokha. Munaona ndikugwa, ndikufuna mumve ndikudzuka. Liwu lililonse limene ndinene, kakuuzani tanthauzo lake."

Esinta anapukusa mutu, komabe anapendeketsa khosi. Mng'ono wake sankamukaniza kanthu kuyambira ali wakhanda.

Madyerero anali mu holo yaikulu ku Chichiri, masana dzuwa likuswa mtengo. Denga la holoyo linkasintha mitundu motsatira nyimbo. M'malo mwa chimkuzamawu chogwira pamanja panali kanjuchi, kamakina kouluka kamene kankaima pafupi ndi pakamwa pa munthu amene woyendetsa mwambo wamuloza, n'kumwaza mawu ake holo yonse. Alendo ambiri anali ndi tinong'onezi kuseri kwa makutu, moti Chingerezi chilichonse chonenedwa mmenemo chinkafika kwa aliyense chili chosendasenda.

Mayi Kandulu atalowa, Mayi Velina anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Asewele anali atavala diresi lija. Linawakhala bwino, monga diresi lililonse lotuluka m'manja mwa Velina Makwinja limakhalira. Duku lokha ndi limene linawavuta. Analimanga mopendekeka, ndipo linkatsetsereka kulowera ku khutu lakumanzere.

Kanjuchi kanayamba kupita kwa mayi a mkwatibwi. Mayi Kandulu anaimirira, anagwira duku ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kuyankhula Chichewa. Chinali Chichewa chadzimbiri, chimene chinakhala zaka zambiri osagwiritsidwa ntchito.

"Ine ndakondwa kwambiri lero. Mwana wanga wapeza banja labwino. Diresi ili anandisokera asewele anga, ndi manja awo. Ndinafuna kuti..." Anaima, akufunafuna liwu. "Ndinafuna kuti aone kuti ndavala."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Esinta anagwira mkono wa mng'ono wake. "Wamva? Akupepesa. Zithere pomwepa."

"Anandinyoza pagulu, akupepesa ndi diresi langa lomwe," anayankha Mayi Velina chapansipansi. "Mutchere khutu, achemwali."

Kanjuchi kanauluka n'kudzaima pamaso pawo. Anaimirira mowongoka, ndipo atatsegula pakamwa holo yonse inatembenuka. Chinali Chingerezi chosalala ngati silika, koma chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti anali mawu a Mayi Kandulu enieni, ndi kaseko kawo kofewa kumapeto kwa chiganizo. Anathokoza alendo. Anayamikira maluwa. Kenako anatembenukira kwa asewele, n'kunena kuti ukwati ukatha mayi wotopayu ayenera kukapuma "back home", kungoti palibe akudziwa, ngakhale mwini wake, kuti kumeneko n'kuti.

Tinong'onezi tinagwira ntchito yake m'makutu a anthu. Kuseka kunayamba, kobisa, kwa m'manja.

Mayi Velina anadikira mpaka kusekako kutazilala. Anayang'ana duku lopendekeka lija nthawi yokwanira kuti aliyense aliyang'anenso. Kenako anatembenukira ku tebulo la anzawo a Mayi Kandulu, omwe aja a pa chinkhoswe, anapendeketsa mutu, n'kumwetulira.

"Bless her, she means well."

Holo inaphulika. Amene analipo pa chinkhoswe anaseka chifukwa anakumbukira, amene kunalibe anaseka chifukwa cha duku. Thokozire, ali m'chovala chake choyera, anaweramira kwa mayi ake. Kanjuchi sikanali pamenepo, koma Mayi Velina anaona milomo ya asewele ikuyenda, ndipo mawuwo anawafika pang'ono: "It's fine."

"Akulira m'kati," kananong'ona kamthunzi.

Mayi Velina anamva kukoma ngati akutafuna nzimbe ya kumunsi. Lonjezo ankawayang'ana ndi maso a munthu amene sakuzindikira mayi ake, koma iwo anati za mwana adzakonza mawa. Lero linali lawo.

Woyendetsa mwambo, pofuna kuphimba zimene zachitika, anafulumira kuitana mphatso. "Tiyambe ndi akuchimuna. Mayi aakulu a mkwati, bwerani."

Nyimbo inayamba. Esinta anadzuka. Nkhope yake inali yolemera, koma mwana wa mng'ono wake ankakwatira, ndipo mphatso anali atakonza kale. Anasenza pamutu mphika wadothi umene anaumba yekha, wokhala ndi mizere yokongola m'khosi, n'kuyamba kuvina kulowera kutsogolo, mapazi akukhwekhwereza pansi mwachikale. Anadutsa pakati pa mabokosi onyezimira a maloboti ophika ndi ochapa amene ena anabweretsa. Atsikana ena a tebulo lakutsogolo anagwirana m'manja akumwetulira.

Mayi Velina anali asanakhale pansi. Kanjuchi kanali kakadali pafupi ndi pakamwa pawo, poti woyendetsa mwambo anaiwala kukaitana. Anaona mkulu wawo, mphika, chitenje chozilala, mapazi ong'ambika. Sanaganize chilichonse choipa. Anangomva nsagwada zikunjenjemera pang'ono ngati masiku a maphunziro, mutu ukupendekeka wokha, milomo ikumwetulira yokha.

"Oh, bless her. She means well."

Mawuwo anadzaza holo. Ulendo uno palibe anaseka.

Esinta anaima. Anapendeketsa mutu pang'ono, ndipo Mayi Velina anadziwa kuti akumvetsera kanong'onezi, ndipo ankadziwa liwu lililonse limene kakumuuza. Si mdalitso. Wayesetsa koma walephera. Ngati mmene akuluakulu amanenera za mwana.

Esinta anatula mphikawo bwinobwino pamapazi pa akwati. Anamugwira Lonjezo paphewa, anamugwira Thokozire dzanja. Kenako anakanda kuseri kwa khutu lake ndi chikhadabo mpaka kanthu kaja kanamatuka. Anayenda kufika pamene panaima mng'ono wake, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Ndamva, Velina. Kamakina kako kamagwira bwino ntchito."

"Achemwali, si ine. Ndi kanthuka."

"Pakamwa ndi pako," anatero Esinta. Anakonza chitenje chake n'kutuluka, osathamanga, osatembenuka.

Lolemba m'mawa Mayi Velina anali kale pa sitolo ya ku Limbe. Sungeni anatenga kapani, ndipo kamthunzi kanachoka mosavuta, n'kusiya kachipsera kakang'ono.

"Basi, zatha?" anafunsa Mayi Velina.

"Kanthuka kachoka, mayi. Koma chimene mukufuna ndichotse sichili m'menemu. Chili m'minyewa yanu tsopano, ngati kupalasa njinga kapena kusoka. Makina ophunzitsa tili nawo ambiri. Oiwalitsa sanapangidwe."

"Never mind," anatero Mayi Velina, kenako anadzigwira pakamwa.

Anakwera kabaza n'kuiuza kuti ipite ku Chilomoni. Njira yonse ankayeserera mawu awiri okha, "Pepani, achemwali," ndipo ulendo uliwonse ankamva timawu tina tikukankhana kutsogolo kwa lilime, tosalala, tozizira, tokonzeka kutseka nkhani. Anatsika pa mpanda wa bango. Kuseri kunkamveka dzanja likumenya dothi lonyowa. Analuma lilime mpaka linawawa, n'kusankha liwu limodzi limene asewele sanalinenepo m'mauthenga awo onse.

"Odi."

Dzanja lija linasiya kumenya dothi. Mapazi anamveka akuyandikira.

"Ndani?" anafunsa Esinta osatsegula. "Velina, kapena asewele ake?"

Mayi Velina anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, poopa amene angayankhe. Iwo anamugwetsadi mdani wawoyo pamaso pa Blantyre yense, ndipo mpaka lero anthu amaikamba nkhaniyo. Koma kuti amugwetse anayamba amulowetsa m'kamwa mwawo, ndipo m'menemo kapani ka Sungeni sikafikamo.